Lachinayi la Aphunzitsi

Bizinesi yanga ndinaiyamba ndi chikwama chobiriwira, kope la mizere ndi mwamuna wokayikira. Chikwama ndi kope ndinachita kugula. Mwamunayo ndinali naye kale zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kalipentala wa mawu ochepa amene sakhulupirira mwendo wa tebulo asanaugwedeze yekha.

Shopu yosindikiza mapepala imene ndinkagwirako ntchito itatsekedwa, ndinakhala pakhomo miyezi isanu. Makatani onse ndinawachapa kawiri. Nditayamba kukangana ndi wailesi ndinadziwa kuti zinthu zafika poipa. Ndiye mayi ena amene tinkaimba nawo kwaya kale anandiitanira ku msonkhano Loweruka masana, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mayiwa aliyense ankangowatchula kuti Adayamondi, chifukwa ndiwo udindo umene anafikapo m'kampani yawo, ndipo kabaji kake sikankachoka pachifuwa pawo.

M'chipindamo munali mipando ya pulasitiki, fani imodzi yotopa ndi bolodi loyera. Adayamondi anajambula kamunthu kamodzi pamwamba, tiwiri pansi pake, tinayi pansi pa tiwirito, mpaka bolodi linadzaza tianthu. Nkhani yake inali yosavuta. Umagula katundu ku kampani, sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano, n'kumagulitsa kwa anthu odziwana nawo. Ukapeza wina wofuna kugulitsa nawo, amalowa pansi pako, ndipo pa zimene iye wagulitsa iwenso umadyapo pang'ono. Sopoyo ndinakamuyesa kunyumba, anali wabwino ndithu.

Madzulo ake tianthu tija ndinawajambulira amuna anga kuseri kwa kalendala.

"Amene ali pamwamba penipeniyo ndani?" anafunsa.

"Sindikumudziwa."

"Ameneyo ndiye anapeza ntchito yabwino. Inu muli pati, mayi?"

Ndinaloza pansi.

"Pamene pamakhala miyendo ya tebulo," iwo anatero. "Chabwino. Miyendo ndi imene ndimaidziwa ine."

Sanandikanize. Tinapemphera, ndipo titati amen anatenga pensulo yawo ya kuntchito, amvekere nkhanga zinapangana kusanapse. M'kati mwa chikuto cha kope langa analembamo malamulo atatu. Chikwama sichilowa pageti la tchalitchi. Lamulungu chikwama chimapuma. Osauza munthu kuti katunduyu amachiritsa. "Sopo ndi sopo," anatero, "Wochiritsa tili naye kale." Ine ndinawonjezerapo lachinayi, loti katundu akapanda kuyenda asandiseke. Limeneli analiphwanya sabata yoyamba yomweyo.

Adayamondi anatiphunzitsa zinthu ziwiri, ndipo ankazibwereza mpaka tinaziloweza. Choyamba, lembani maina makumi asanu a anthu amene mumawadziwa. Chachiwiri, munthu akagula, pakatha masiku asanu ndi awiri mubwerereko. "Osati foni ayi, phazi. Mulembe tsiku ndi nthawi m'kope. Chimene chalembedwa m'kope sichiphonyedwa, kaya kugwe mvula."

Ndinakhala patebulo ndi kope langa. Nditafika pa dzina la khumi ndi chimodzi mutu unauma. Apo m'pamene maso anga anagwera pa kabuku kakuda kamene kamakhala pamwamba pa Baibulo. M'mawa uliwonse tisanamwe tiyi, amuna anga ndi ine timapempherera anthu, ndipo maina awo timawalemba m'menemo kuti tisadumphe wina. Ndinakatsegula n'kuyamba kukopera. Tiyi asanazizire ndinali nditapitirira makumi asanu.

Amuna anga anasuzumira paphewa langa.

"Maina awa ndikuwadziwa ine. Ndi mmene atsatiranamo ndikudziwanso."

"Ndiye chalakwika n'chiyani? Anthu owapempherera sasamba?"

"Amasamba."

"Basi."

Anatenga chipewa chawo n'kupita kushedi kumene amapalira matabwa. Amuna anga akakhala chete motero ndimapsa mtima kuposa akayankha, chifukwa ndimasowa poluma.

Dzina loyamba m'kabuku kakuda linali la Aphunzitsi. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kugwira pensulo m'kalasi yoyamba, anadzandiphunzitsanso Sande sukulu, ndipo paukwati wathu anawerenga Mawu. Amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo amagwira ntchito kutali. Mawondo anali atawakaniza kubwera kutchalitchi kwa zaka ziwiri. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo otsukira magalimoto, ndipo tsiku limene ndinapitako ndi chikwama njira ndinachita kufunsa, chifukwa panali patamangidwa mpanda umene sindinkaudziwa.

Ndinawapeza atakhala pampando wawo wa pazenera, miyendo ataisanjika pa kastulu. M'chipindamo chilichonse chinali pamalo ake: wailesi yovekedwa kansalu, wotchi ya pakhoma, kabati ya makapu imene chitseko chake chinali chomangidwa ndi chingwe. Pazenera panali chitini chachikulu cha mafuta oyera opanda fungo. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, ndinatsegula chikwama.

"Awo ndi achikale, Aphunzitsi," ndinatero ndikuloza chitinicho. "Tanunkhizani awa."

Botololo analinunkhiza ali nalo patali.

"Akununkhira bwino. Ndikagula ndiye kuti chiyani?"

"Ndidzabweranso sabata yamawa kudzamva mmene mwawaonera. Lachinayi, 3 koloko. Ndilemba m'kope."

"Tandionetsa."

Anavala magalasi n'kuliyang'ana kopelo nthawi yaitali, chala chili pa dzina lawo. Kenaka anati zilembo zanga zinayamba kugona, iwo sanandiphunzitse choncho. Anagula botolo limodzi.

Kuyambira pamenepo Lachinayi linakhala la Aphunzitsi. Ndikamafika, patebulo pamakhala pali kale makapu awiri ndi mbale ya mabisiketi yovundikira. Maso awo sankathanso zilembo zing'onozing'ono, choncho ndinkawawerengera Masalimo, iwo n'kumandikonza ndikathamanga. Tikatseka Baibulo ankafuna za kukwaya: ndani akuimbabe mopitirira anzake, ndani wakwatiwa, abusa atsopano amalalikira mphindi zingati. Tinkaseka mpaka anyamata otsuka magalimoto kusuzumira pampanda. Ndikanyamuka ankati, "Botolo langa," ine n'kutulutsa, n'kulemba Lachinayi lotsatira iwo akuona. Botolo ngati limenelo kwathu limatha mwezi ndi theka. Ndinkadziwa, koma ndinkangoti mwina amagawira anzawo, ndipo wogulitsa safunsa kumene katundu akupita.

Bizinesi inkayenda, osati mothamanga, koma inkayenda. Pansi panga panalowa wometa wa pakona, mlamu wanga, ndi namwino wina wa khama kuposa tonsefe. Galimoto ya mphoto imene ankationetsa pa chithunzi kumsonkhano sindinaione, koma ndinawagulira amuna anga magalasi oteteza maso ku utuchi, ndipo anawavala mpaka patebulo kuti ana aseke. Iwonso anayamba kuika kasopo m'dilowa ya kabati iliyonse imene agulitsa, amvekere ndi basela. Malamulo a pachikuto ndinkawasunga. Mayi wina atandigwira mkono pakhomo la tchalitchi kufunsa za sopo, ndinamuuza kuti lero ndi Lamulungu, andipeze mawa, ndipo ndinayenda mpaka kunyumba ndikudzimva kuti ndine Mkhristu wolongosoka. Loweruka lina Adayamondi anandiimika kutsogolo, n'kukweza kope langa m'mwamba. Anati onani, kasitomala mmodzi masabata khumi ndi anayi osadumpha. Anthu anaomba m'manja, ine ndinakondwa kwambiri.

Chinanditsegula maso ndi chingwe cha pakabati chija. Chinkandinyansa, ine mkazi wa kalipentala. Aphunzitsi ankati ndichisiye, chakhala choncho zaka. Ine osamva, Lachiwiri lina ndinatuma amuna anga ndi mahinjesi atsopano osawauza eni nyumba.

Atabwerako masana anandiitanira kushedi. Ndinawapeza akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'tsitsi, ndipo sanasiye kupalako.

"Mayi, Aphunzitsi agula mabotolo angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Onse alipo. Sanatsegule ndi limodzi lomwe. Awandandalika kuseri kwa makapu, zolemba zonse kuyang'ana kutsogolo, ngati ana pamzere wa m'mawa."

"Mwina akusungira mwana wawo."

Apa anaika thabwa pansi.

"Chaka chimene munali oyembekezera mwana wathu woyamba, ndani anaperekeza Aphunzitsi kuchipatala atatupa manja?"

Ndinali ine. Wina anali atawapatsa mphatso ya mafuta onunkhira, khungu lonse la m'manja linatuluka matuza. Dokotala anawaletsa chilichonse chokhala ndi fungo, ine ndili pomwepo, nditawanyamulira kachikwama kawo. Chitini cha pazenera chija, chimene ndinachinyoza kuti n'chachikale, choyamba chake ndinakagula ndine.

Manyazi akandigwira ndimayamba ndi ukali, ndi mmene ndinabadwira.

"Ndiye inu mumadziwa nthawi yonseyi osanena?"

"Ndakumbukira lero, nditaona chitinicho. Nanenso ndinaiwala, mayi. Malamulo aja ndinalemba ndine. Chitseko ndinakhoma, zenera ndinasiya lotsegula."

Akanandidzudzula ndikanawayankha mpaka dzuwa kulowa. Koma mlanduwo anasenzako mbali ina, ndiye ndinangokhala pa benchi yosamaliza n'kuyang'ana pansi. Iwo anatenganso thabwa lawo.

Lachinayi ndinapita wopanda chikwama, nditanyamula katoni yopanda kanthu. Makapu awiri anali patebulo monga mwa masiku onse. Aphunzitsi anayang'ana paphewa langa, kenaka katoniyo, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Bizinesi yatha?"

"Siinathe."

"Ndiye kalipentala wako ndi wapakamwa."

"Ndi wamaso. Aphunzitsi, mwandichititsa manyazi. Mumaguliranji zinthu zoti mukadzola zikutupitsani? Kapenshoni kanu komweko? Ine ndakhala ndikuima kutsogolo kwa anthu, kundiombera m'manja chifukwa cha inu."

"Khala pansi, mwana wanga. Ukuyankhula chiimire ngati woyendera sukulu."

Ndinakhala. Anathira tiyi m'makapu onse awiri mosafulumira.

"Zaka ziwiri zimene sindinabwere kutchalitchi, usanayambe za mabotolozi, unalowa kangati m'nyumba muno?"

Ndinatsegula pakamwa, koma anandiyankhira.

"Kawiri. Koyamba ndi gulu la amayi, munaimba nyimbo ziwiri n'kunyamuka chifukwa galimoto imadikira. Kachiwiri unathera pakhomo, unati uli pachangu."

"Timakupemphererani m'mawa uliwonse. Dzina lanu ndi loyamba."

"Ndikudziwa, ndipo Mulungu amamva, n'chifukwa chake ndidakali pano. Koma pemphero silimwa tiyi." Anakankhira kapu kwa ine. "Tsiku lija unatulutsa kope, ndinaona dzina langa, tsiku ndi nthawi. Ndinati m'kabuku ka mapemphero ndakhalamo zaka ziwiri, sikanakubweretse. Kope ili lakubweretsa sabata yomweyo. Ndagwira kaundula zaka makumi atatu ndi zisanu ine, ndimadziwa kaundula amene amagwira ntchito. Ndiye ndinangoonetsetsa kuti dzina langa lisafufutidwemo."

"Mukanangonena."

"Ndinene kuti chiyani? Kuti uzibwera? Ukanati inde, ndi mtima wonse, ndipo ukanabwera kamodzi. Sindikudandaula ayi. Botolo limodzi pa sabata, ine n'kupeza maola awiri, Masalimo ndi miseche ya kukwaya. Sindinagulepo katundu wotchipa chotere."

Ndinalira. Osati misozi yaulemu yopukuta ndi chala, koma kulira kwenikweni, mpaka anandipatsa kansalu ka pawailesi. Chinandipweteka n'chakuti sananame paliponse. Mayi amene anandiphunzitsa kulemba dzina langa anachita kugula malo m'kope langa.

Nditatonthola ndinatsegula kabati n'kulongedza mabotolo onse m'katoni. Ndinawauza kuti ndikawagulitsa kwina, ndalama zawo zibwerera, ndipo chikwama sichidzapondanso m'nyumba mwawo.

"Koma Lachinayi ndizibwera, 3 koloko yomweyo."

"Tiona," anatero. Ndi mawu omwewo amene ankauza ana olonjeza kuti mawa abwera ndi ntchito ya kunyumba.

Adayamondi nditawafotokozera ndinkayembekeza kuti andiuza kuti kasitomala ndi kasitomala. Anaseweretsa kabaji kawo, kenaka anati katundu wogona m'kabati si malonda. Mabotolo asanu anatenga okha kuti akandigulitsire. Madzulo ake ndinatsegula kope, ndinaika kabuku kakuda pambali pake, n'kuyamba kuyang'ana dzina lililonse kuti amene amafuna sopo ndi uti, amene amangofuna mlendo ndi uti. Ena atatu ndinawakayikira, ndipo ndinawalembera masiku awoawo opanda chikwama.

Mayesero sachedwa. Lachitatu namwino uja anaimba foni ali wefuwefu. Anzake khumi ndi awiri a kuchipatala avomera kuona katundu, onse pamodzi, m'chipinda chawo chopumira, mawa 3 koloko posinthana ntchito. Tsiku lina silingatheke, ena akupita kutchuthi. Chiyambire bizinesi sindinapezepo anthu ochuluka choncho malo amodzi. Ndinati ndimuimbiranso.

Ndinayamba kudziuza zanzeru. Aphunzitsi sapita kulikonse, Lachisanu ndiwapeza pampando womwewo. Ndiwaimbira foni, amvetsa. Ndinazinena mokweza kukhitchini kuti amuna anga amve, mwina avomereze. Iwo ankangopaka majarini pa buledi.

"Simuyankha?"

"M'kope mwalembedwa chiyani?"

"Aphunzitsi."

"Ndiye mukufunsa ine kapena kope?"

"Anthu khumi ndi awiri, bambo. Mukudziwa kuti n'chiyani chimenecho?"

Anatafuna, anameza, n'kupukuta manja.

"Kuchipatalako ndipita ndine."

"Inu? Mukanena chiyani?"

"Kuti sopo ndi sopo. Mitengo munalemba pa mabotolo. Kuwerenga ndimatha, anandiphunzitsa ndi Aphunzitsi omwewo."

Ndinaseka mpaka kugwira chitseko cha firiji. Koma mawa lake anavaladi malaya a kutchalitchi, anapesa utuchi m'tsitsi, n'kukoleka chikwama chobiriwira paphewa, nkhope ili gwa ngati akupita kukapereka umboni kukhoti. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anagulitsa sopo atatu basi, koma anabwerako atapatsidwa ntchito yokhoma benchi ya m'chipinda chopumiracho, chifukwa imene anakhalapo inkagwedera ndipo sanathe kupirira osanena.

Ine ndinanyamuka mvula itayamba kale. Basi inachedwa, ndipo kumalo otsukira magalimoto madzi anali atadzaza njira yonse, ndinachita kuvula nsapato. Ndinagogoda nthawi itapitirira ndi mphindi makumi awiri, siketi itamatirira m'miyendo.

"Lowa, n'chosakhoma."

Anali pampando wawo wa pazenera. Patebulo panali kapu imodzi, tiyi wake atamwedwa kale theka, ndipo mbale ya mabisiketi panalibe. Mawu onse a sabata yatha sanandilase ngati kapu imodzi imeneyo. Sanachite dala kuti andilange. Anangokhulupirira kuti sindibwera, n'kudzithirira tiyi wawo.

Anayang'ana paphewa langa, panalibe kanthu. Anayang'ana m'manja mwanga, munali ambulera ndi nsapato zonyowa. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya juzi, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Wachedwa," anatero.

"Mvula, Aphunzitsi."

"Kusukulu mvula sichinali chifukwa."

Ndinaika nsapato pakhomo n'kupita pakabati. Chitseko chinatseguka mwakachetechete pa mahinjesi a amuna anga. Pashelefu pamene panali mabotolo panali kapu yanga, yokhayokha, yovundikira. Ndinaitenga pamodzi ndi mbale ya mabisiketi, n'kukhala pamalo anga.

Pothira tiyi wina anatayikira patebulo, ndipo tonse tinachita ngati sitinaone.

"Sabata yamawa kapu yako uipeza patebulo," anatero, akundipatsira Baibulo. "Tinalekera Salimo liti?"